Kuphwetsa Diso ndi Utsi wa Milamba

Mawu anga sanandivutitsepo. Ndikaima pa puloti yathu ya mpunga ku sikimu ya Likangala n'kukuwa kamodzi, mbalame zimadzuka mpaka m'mapuloti a anthu amene sanandipemphe n'komwe. Ena amati mphepo ikakhala bwino ndimamveka ku chilumba cha Chisi, pakati pa nyanja. Ine ku Chisi sindinakafunseko, koma sindikutsutsa. Anzanga amamanga zitini pachingwe n'kumagwedeza tsiku lonse ngati ana. Ine chitini sindinamangepo. Ndikaona gulu la mpheta likubwera ndimatsegula pakamwa, basi nkhani yatha.

Chimene chinandivuta ndi maso, ndipo sanatsanzike. Sanawawe, sanafiire, sanatuluke manthongo. Akanawawa bwenzi nditawadzudzula msanga.

Chaka chimenecho mpunga unali utachita mkaka, nthawi imene mbalame zimaukonda. Amayi akunyumba, akazi anga, anabwera kumunda ndi mbatata yophika, n'kuima kumbuyo kwanga. Kenako anati:

"Abambo, mukulondera mpunga kapena mukulondera mbalame?"

"Funso lanji limenelo?"

"Chifukwa ngati mukulondera mbalame kuti zidye mwamtendere, ntchito mukuigwira bwino."

Ndinatembenuza mutu kumanja. Mpheta zinali mbwee, pafupi moti ndikanatha kutola imodzi ndi dzanja. Zinali zitaphunzira kuti mbali imeneyo bamboyu saona, ndiye zinkabwerera komweko motsika, n'kumadya ngati zaitanidwa. Ndinakuwa, zinathawa. Ndinauza amayi kuti mbalame za masiku ano zachenjera. Iwo anati mbalame ndi zomwe zija.

Zitatero anayamba kundikumbutsa zina. Akuti anthu ankadandaula kuti ndimawadutsa panjira osawapatsa moni, ndipo onse odandaulawo amakhala ali kumanja kwanga. Akuti pamudzi pankamveka zoti mkuluyu wayamba matama. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, poti akhala akunena kuyambira ndili mnyamata. Koma panalinso nkhani ya ng'ombe imene ndinaiwomba ndi njinga masana dzuwa likuswa mtengo. Ng'ombe si chinthu chobisika. Titakolola mpunga umene mbalame zinatisiyira, ndinalola kuti tipite kuchipatala kutauni.

Ndinapita ndikudziwa kale matenda anga. Ndinkati ndi ng'ala. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anakamuchotsa ng'ala, n'kubwera akuwerenga Baibulo la zilembo zing'onozing'ono. Ine kuwerenga sikunali kundithamangitsa, sukulu ndinaisiya ndikadali ndi kabudula mmodzi, ndipo zimene ndikulemba panozi ndikulemba ndi zilembo zazikulu ngati zala. Ndinkangofuna andichotse chinthucho ndibwerere kwathu.

Adokotala a maso anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wathu wotsiriza. Ananditseka diso lamanzere, n'kundiuza kuti ndiziwayang'ana pamphumi.

"Agogo, ndikubweretsa chala kuchokera m'mbali. Mukachiona munene."

Ndinadikira chalacho. Ndinadikira ndithu. Pamene ndinachiona chinali chitafika kale pamaso pawo, moti kunena kunalibenso ntchito. Anachita chimodzimodzi ndi diso lamanzere, ndipo uko ndinachigwira chikadali panjira. Kenako anandidontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kugunditsa kachipangizo padiso lililonse. Anakhala pansi.

"Si ng'ala, agogo."

"Yang'anitsitsani."

"Ndayang'ana. M'kati mwa diso la munthu aliyense muli madzi. Diso limawapanga lokha, amazungulira kudyetsa m'katimo, kenako amatuluka ndi tinjira ting'onoting'ono. Inuyo tinjirato tatsekeka. Madzi akulowa, kutuluka akutuluka pang'ono, ndiye akufinya mtsempha woonera. Umafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali."

Anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, koma silinapeze pokhala m'mutu mwanga.

"Lamanjali latsala pang'ono kutha," anapitiriza, "ndipo zimene zapita sizibwerera. Lamanzere layamba kumene. Limeneli ndi limene tikufuna kupulumutsa."

Atangonena za madzi otsekeka mtima unakhala pansi, chifukwa anali atalowa m'munda mwanga. Ndinawauza kuti za madzi asandiphunzitse, ndakhala ndikutsegula ndi kutseka ngalande iwo asanabadwe. Ndinawafotokozeranso za nyanja yathu ya Chilwa, kuti mitsinje yonse imathiramo koma palibe ngakhale umodzi wotuluka. Ndinafotokoza bwino, moti anthu a pamzere panja anamva nawo. Amayi amanena kuti nthawi imeneyo ndi imene adokotala ankalongosola ntchito ya mankhwala. Mwina n'zoona. Milomo yawo ndinkaiona ikuyenda, koma anali munthu wa mawu aang'ono. Chimene ndinamva n'chakuti ndizidontheza m'mawa ndi madzulo mpaka tsiku la maliro anga.

Kabotolo ka mankhwala kamene anandipatsa kanali ngati chala chachikulu. Titafika kunyumba ndinakatsegula, n'kudontheza padzanja kuti ndione. Anali madzi.

Ndinadontheza masiku angapo, kuti asanene kuti sindinayese. Ankaluma, ndipo kumanja kunali mdima womwe uja. Ndiye ndinakhala pakhonde n'kuiganiza nkhaniyo monga mlimi. Puloti ikasefukira, kodi munthu amatenga ndowa n'kuthiramo madzi ena? Wochita zimenezo timamumanga. Puloti ikasefukira umagumula mzere kumunsi, madzi n'kutuluka. Ngakhale Chilwa amene alibe potulukira, ine ndamuona ndi maso anga akuphwa mpaka anthu kupita ku Chisi panjinga, ndipo palibe anamuthira madzi kuti aphwe. Funso linali limodzi lokha: diso amaligumula pati?

Yankho anandipatsa ndi amayi, ngakhale iwo ankati akundinyoza. Tsiku lina tinakangana chifukwa cha kabotolo komweko, ndipo anati:

"Madzi alekerenji kudzaza? Munthu osalira pamaliro a mayi ake omubala. Misozi yonseyo mumati ikupita kuti?"

Zinali zoona. Ine chikulireni sindinalirepo. Bambo anga, amene anachokera ku Mozambiki akuyenda wapansi kuzungulira nyanja, ankati mwamuna amalirira m'mimba. Ndinaika mayi, ndinaika bambo, ndinaika ana awiri, maso ali gwa. Tsopano zaka zonsezo madzi akulowa, geti lotulukira lili chitsekere. Nkhani inali poyera. Ndinauza amayi kuti kabotolo akasunge, ine ndapeza potulutsira madzi. Anayankha zambiri, koma nawonso mawu awo si aakulu.

Kulira ndinayesa, kunakanika. Ndinaganizira akufa onse mmodzimmodzi, palibe chinatuluka. Anyezi anathandiza pang'ono, koma anyezi ndi wa ndiwo, ndipo amayi anayamba kumubisa. Pamenepo ndinakumbukira mlamu wanga, mchimwene wawo wamng'ono wa amayi, amene amawamba nsomba kudoko. Uvuni wake ndi wa dothi, pamwamba pali waya, ndipo nkhuni zikasowa amasonkhezera ndi zinyalala zosauma bwino za njedza, udzu uja wa m'nyanja. Utsi wake ngakhale agalu amauzungulira.

Ndinafika m'mawa, n'kukoka chigubu, n'kukhala mbali imene utsi unkapita.

"Alamu, mphepo ikupita komweko," anatero.

"Ndaiona."

"Ndiye mwabwera kudzacheza kapena kudzawambidwa?"

"Ndikuphwetsa diso. Sonkhezera."

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira kwa adokotala mpaka ku geti. Anamvetsera akutembenuza milamba yake. Pomaliza anati iye za maso sadziwa, koma utsi ndi waulere. Anawonjezera zinyalala.

Sipanapite nthawi, misozi inayamba. Inatsika m'masaya, inalowa m'ndevu, inanyowetsa kolala ya malaya. Mphuno nayo inathandiza. Ndinakhala pamenepo maso ali tong'o, osaphethira kupatula pamene zakanika, ndipo mumtima ndinali wokondwa ngati munthu amene wagumula mzere n'kumamva madzi akuthamanga. Pobwerera kunyumba mutu unali wopepuka. Maso anali ofiira ngati tsabola, koma ndinati ntchito iliyonse imasiya matope.

Ndinayamba kupita masiku onse amene mlamu wayatsa moto. Asodzi anazolowera. Akamatsitsa nsomba ankafunsa mlamu kuti wamkuluyo wapsa kapena ayembekeze. Mlamu naye ankati ndikamva kuti mbali imodzi yakwana ndinene, anditembenuze. Ine sindinkawayankha. Munthu amene ali pa chithandizo sakangana ndi anthu odutsa. Kunyumba amphaka anayamba kunditsatira, ndipo kutchalitchi benchi yathu inayamba kukhala ndi malo.

Tsiku lina amayi anabwera kudoko okha. Sanalankhule ndi ine. Anapita kwa mchimwene wawo.

"Iwe, ukundiwambira mwamuna?"

"Achemwali, ine sindinawaitane. Analowa okha ngati mlamba m'mono."

"Akachita khungu udzawatsogolera ndiwe?"

"Ndiye ndiwathamangitse bwanji? Inuyo munayamba mwawauzapo chinthu n'kumva?"

Amayi anandiyang'ana, ine misozi ili chuchuchu. Anati zaka zonse ankafuna atandiona ndikulira, koma sankadziwa kuti zidzanunkha chonchi. Anabwerera kunyumba.

M'nyengo yomweyo kunagwa maliro a bambo wina wa puloti yoyandikana ndi yathu. Ine ndi iyeyo tinakhala zaka zambiri osamwerana madzi, chifukwa anali ndi chizolowezi chotseka ngalande kuti madzi ayambe akwana kwake. Mudzi wonse unkadziwa, poti ndinkamuuza maganizo anga ndili kwathu iye ali kwake. Kumaliro ndinapita, monga mwa mwambo. Tsiku limenelo kuuvuni kunalibe moto, ndiye nditaona kuti azimayi ophika asonkhezera nkhuni zaziwisi kuseri kwa nyumba, ndinasuntha pamene panakhala azibambo n'kukakhala kumene utsi unkagwera. Sindinafune kuti tsiku lipite pachabe.

Utsi wake unali wabwino. Ndinalira kuyambira nyimbo yoyamba mpaka bokosi kutuluka m'nyumba. Nditapukuta nkhope ndinapeza anthu akundiyang'ana, azimayi ena akugwedeza mitu. Kumanda, malume a malemuyo polankhula m'malo mwa banja anati tsiku limenelo aphunzira kuti chikondi sichikhala pakamwa, pakuti munthu amene ankakangana ndi m'bale wawo tsiku ndi tsiku ndi amene wamulira kuposa abale. Anthu anavomera. Ine sindinawakonze, pamaliro si pokonzera anthu. Patapita masiku, mayi wamasiyeyo anatumiza nkhuku. Nkhukuyo tinadya.

Mvula itayamba tinabwerera kumunda kukawokera mpunga. M'mawa wina ndikuwoloka ngalande pa thabwa limene ndaliponda zaka zosawerengeka, mwendo wamanja unaponda pamene panalibe thabwa. Ndinagwera m'madzi mpaka m'chiuno, matope n'kundithovukira kumaso. Palibe anaona. Ndinatuluka, n'kuyamba kupukuta diso lamanzere ndi chikhatho.

Dziko linazima.

Ndinachotsa dzanja, dziko linabwerera. Ndinabwezeranso dzanja, linapita. Diso lamanja linali lotsegula, ndinaligwira ndi chala kuti nditsimikize, koma munalibe kanthu, ngakhale kuwala kwa dzuwa. Ndinayang'ana ndi lamanzere lokha. Phiri la ku Chisi linalipo, koma kuti ndione mitengo ya m'mbali mwa msewu ndinachita kutembenuza khosi, chinthu chimene chaka chapitacho sindinkachita.

Ndinakhala pamzere mpaka zovala zinauma. Ndinaganiza za mkulu wina wosaona amene ndinkamudziwa ndili mwana, amene ankamutulutsa m'mawa n'kumukhazika pamkeka, dzuwa likasuntha n'kumusunthanso. Akaiwala kumusuntha ankangokhala pomwepo. Mawu anali nawo, koma ankayankhula moyang'ana kumene kulibe munthu.

Nditafika kunyumba amayi anandipatsa madzi osamba. Kenako anaima pakhomo.

"Mwadwala?"

"Ayi."

"Chibwerereni simunalankhule. Nkhuku zalowa m'nyumba, simunazikalipire."

"Kabotolo kaja kali kuti?"

Sanandifunse chifukwa. Anati kalipo, koma kakhalitsa, ndipo sandidontheza kanthu mpaka adokotala aone kaye. M'mawa mwake tinakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kukwera galimoto ya kutauni.

Tinapeza adokotala omwe aja. Anapima, n'kupimanso. Anafunsa ngati mankhwala anatha, ndipo amayi anamasula mfundo ya chitenje n'kuika kabotolo patebulo. Adokotala anakakweza m'mwamba, n'kukagwedeza. Kanali kodzaza kufika m'khosi.

"Agogo, chinachitika n'chiyani?"

Ndinawafotokozera mwadongosolo. Ndinayamba ndi puloti yosefukira, ndinabwera ku geti, ndinamaliza ndi uvuni. Za nkhuku sindinanene. Ulendo uno anandisiya mpaka ndinamaliza ndekha, ndipo sanaseke.

"Mutu wa nsomba mumadya?" anafunsa.

"Ndine wa ku Chilwa."

"Mukaluma diso lake, m'kati mumapeza chiyani?"

"Timadzi."

"Nsomba munaionapo ikulira?"

Ndinati nsomba imakhala m'madzi, ngakhale italira palibe angadziwe. Anavomera kuti pamenepo ndanena zoona. Koma anati timadzi timeneto ndi ta m'kati, totsekeredwa, ndipo munthu nayenso ali nato. Misozi ndi ina. Imapangidwa kunja, pansi pa chikope, ntchito yake ndi kutsuka diso pamwamba. Madzi a m'kati sakumana ndi misozi. Akamatuluka amalowa m'magazi, munthu osaona kanthu.

"Nanga yonse ndinatulutsa ija?"

"Munatsuka kunja, agogo. Munatsuka kwambiri."

"Ndiye madzi anu a m'botolowa?"

"Amenewa sakudzaza diso. Akalowa amakachepetsa kumene madzi akupangidwa. Mwa kunena kwanu, amakatseka geti la kumtunda, kuti olowa achepe."

Ndinaganiza. Zimenezo zinali zomveka. Kumunsi kukakana, umathamangira kumtunda, mlimi aliyense amadziwa.

"Mukanayamba ndi geti tsiku lija," ndinawauza.

"Ndinanena, agogo. Inu munali pa mitsinje yothira m'nyanja."

Amayi anatsokomola. Ine mpaka lero ndimaona kuti munthu wogwira ntchito ndi anthu akuluakulu ayenera kukweza mawu. Koma sindinalimbane nazo, chifukwa ndinkafuna kumva za diso lamanzere. Anati lamanja latha, tisalitchulenso. Lamanzere ladyeka m'mbali kuposa poyamba, koma pakati pali bwino. Mankhwala akagwira, pakatipo pakhoza kundifikitsa kumanda ndikuona. Akakanika, adzachita opaleshoni yoboola kanjira katsopano m'diso kuti madzi azitulukira. Ndinati imeneyo ndiye ntchito yeniyeni, kukumba ngalande, achite lero lomwe. Anati ayi, tiyambe ndi botolo. Anapereka latsopano, ndipo sanapereke kwa ine. Anapatsa amayi.

Kuyambira pamenepo m'mawa ndi madzulo ndimakhala pampando pakhonde, n'kugoneka mutu kumbuyo. Amayi amasamba m'manja, n'kukoka chikope ndi chala. Masiku oyamba dontho linkagwera patsaya kapena m'ndevu, chifukwa akuti ndikamalankhula mutu wonse umagwedezeka. Ndiye anaika lamulo lakuti botolo likatsegulidwa pakamwa patsekedwe, ndipo dontho likalowa ndikhale chitsinzinire, chala chili pakona ya diso, mpaka iwo anene. Ndikuganiza kuti nthawi zina amachedwa dala kunena. Ndimawamva akusesa, akutsuka mbale, tsiku lina anafika mpaka kwa aneba kukapempha moto. Ndinawafunsa, anati adokotala sanatchule malire.

Botolo likayandikira kutha timapita kutauni lisanathe. Ulendo wachitatu adokotala anapima n'kunena kuti madzi atsika, ndipo m'mbali simunadyekenso. Ulendo wotsatira ananena zomwezo. Ndinawafunsa ngati zikutanthauza kuti ndachira. Anati ayi, zikutanthauza kuti ndibwerenso.

Mmene ndimaonera tsopano zili ngati munthu akusuzumira mu nsungwi yoboola. Chimene ndachiyang'ana ndimachiona bwinobwino, ulusi m'singano ndimalowetsa, koma dziko ndimaliona chimodzichimodzi. Munthu akabwera ndimayamba ndi nkhope, kenako ndimatsika kukaona chimene wanyamula. Njinga ndinapatsa mkamwini. Poyenda ndimaponya mutu uku ndi uku ngati nkhuku, ndipo amayi amayenda kumanja kwanga, kumene kale sankayenda. Pa thabwa la pangalande amandigwira malaya kumbuyo. Ndinawauza kuti asamatero anthu akuona. Anati anthuwo ine sindikuwaona, ndiye ndisadandaule nawo.